Oliver Cromwell ndi Njerewere Zake

Anzanga ambiri akhala akundifunsa za kamunthu kaja kaima pamwamba pa kabati m'laibulale, kovala chapachifuwa ndi jombo zazitali. Ena a Fomu 1 akuti ndiye Mzungu amene anayamba sukulu yathu ino. Iai, si ameneyo. Dzina lake ndi Oliver Cromwell, munthu wa ku Mangalande amene anamwalira m'chaka cha 1658, ndipo ndine amene ndinalumikiza chifanizocho ndi kuchipaka utoto. Tsono popeza akonzi a magazini ino andipatsa malo, ndati ndikusimbireni za moyo wake, ndiponso za vuto limene iye anandigwetsamo.

Teremu yatha aphunzitsi athu a Hisitole anatituma anyamata anayi kukasesa kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Pansi pa mapu akale tinapeza kabokosi kodyeka ndi mphemvu, m'kati mwake muli tizidutswa ta pulasitiki: apa mwendo, apa dzanja, apa theka la mutu. Aphunzitsi anati zinthu zotere zinali kupangidwa kwambiri ku Mangalande m'zaka za m'ma 1960 kuti ana azilumikiza okha, ndi kuti kabokosiko kayenera kuti kanasiyidwa ndi mphunzitsi wina wa kale lomwe. Muyeso wake unali wakuti pa mainchesi 12 ali onse a munthu weniweni pakhale inchesi 1, kotero kuti kamunthu konse kakaima sikapitirira mainchesi 6. Anandipatsa ine chifukwa anamva kuti kwathu ndinali katswiri wa magalimoto a mawaya, nanena kuti pofika tsiku la makolo chifanizocho chikhale chitatha, pamodzi ndi kakhadi kofotokoza za mwini wake.

Guluu wa m'kabokosimo anali atauma ngati mwala, choncho ndinagula wina ndi ndalama zanga za sopo. Madzulo ali onse tikaweruka ku pulepu ndinali kudula tizidutswato ndi lezala, ndi kupala m'molumikizira ndi sandipepa amene ndinapempha kwa akalipentala a pa sukulu. Pofika pa nkhope ndinaona kotupa pansi pa mlomo, ndi kena pamwamba pa nsidze. Ndinayesa kuti ndi pulasitiki wotsalira poumba, ndipo ndinapala tonse tiwiri mpaka nkhope inasalala ngati ya khanda. Ndinagona wokondwa. M'mawa mwake aphunzitsi ataona anagwira pakamwa, kenaka anaseka, nandiuza kuti ndachotsa chizindikiro chimene Angelezi onse amamdziwa nacho munthu ameneyu. Zinali njerewere. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti Cromwell analamula mmisiri wojambula nkhope yake kuti asamkometse, koma aonetse zipsera ndi njerewere zomwe, apo bii sadzamlipira. Ndipo pa chithunzi chimene anajambula Samuel Cooper njerewerezo zikuoneka bwino lomwe. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo ananditumiza ku mabuku.

Cromwell anabadwa pa 25 Epulo 1599 m'tauni ya Huntingdon, cha kum'mawa kwa Mangalande. Makolo ake sanali a banja lachifumu, komanso sanali amphawi. Analowa koleji ya Sidney Sussex ku Cambridge m'chaka cha 1616, koma anangokhalako chaka chimodzi, pakuti atate wake anamwalira ndipo iye anabwerera kwawo. Anakwatira Elizabeth Bourchier mu 1620, nabala naye ana 9. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti kufikira zaka 40 za kubadwa munthu ameneyu sanachite kanthu kotchuka. Mu 1631 zinthu zinamthina, nagulitsa malo ake ambiri, nakakhala mlimi wobwereka munda ku St Ives. Anapezanso bwino mu 1636 pamene analandira chuma cha malume wake ku Ely, monga tichitira ife Achewa. M'zaka zomwezo anatembenuka mtima, nakhala mmodzi wa anthu otchedwa Puritans, amene anafuna kuti mpingo uleke miyambo yambiri ndi kuti mabishopu achepetsedwe mphamvu. Kuyambira pamenepo iye anakhulupirira kuti Mulungu ndiye amtsogolera pa chiri chonse achita. Chikhulupiriro chimenechi chinamlimbitsa, koma ine ndiyesa kuti ndichonso chinamuumitsa mtima.

Mfumu ya masiku amenewo, Charles I, inali kunena kuti ufumu wake ndi wochokera kwa Mulungu, ndi kuti palibe munthu woyenera kuifunsa. Kuyambira 1629 kufikira 1640 inalamula popanda kuitana Nyumba ya Malamulo, nisonkhetsa misonkho mwa iyo yokha. Ndalama zitaithera chifukwa cha nkhondo ndi anthu a ku Scotland, inaitananso Nyumbayo, ndipo Cromwell analowamo moimira Cambridge. Mkangano unakula mpaka mu 1642 nkhondo ya pachiweniweni inabuka, mfumu mbali iyi, Nyumba ya Malamulo mbali iyo.

Taganizani anzanga, munthu wa zaka 43, wosaponyapo nkhondo chibadwire, kuyamba kusonkhanitsa asilikali a pa akavalo. Posankha akapitawo sanayang'ane kuti uyu ndi mwana wa yani, koma ngati ali wolimba mtima ndi wopembedza. Anawaphunzitsanso chinthu chimene apakavalo a mfumu anachilephera: akathyola mzere wa adani, asabalalike kuthamangitsa othawa kapena kufunkha katundu, koma asonkhanenso ndi kubwerera ku nkhondo. Ndi mwambo umenewu anathandiza kupambana pa Marston Moor pa 2 Julaye 1644, kumene anavulala pakhosi, ndiponso pa Naseby pa 14 Juni 1645, ali pansi pa Sir Thomas Fairfax. Pa Naseby mphamvu za mfumu zinathyoka.

Sindibisa, masiku amene ndinali kuwerenga zimenezi ndinamkonda Cromwell. Ndiyo nthawi imene ndinapaka chapachifuwa chake, ndipo ndinachisamala kopambana. Utoto wa m'kabokosi unali utauma monga guluu uja, tsono ndinatola zotsala za amene analemba chikwangwani cha pa geti, ndi kuzisungunula ndi parafini pang'ono. Chapachifuwacho ndinachipaka wakuda, ndipo chitauma ndinachikhula ndi ufa wa pensulo mpaka chinayamba kunyezimira ngati chitsulo chenicheni. Malaya achikopa ndinasakaniza wachikasu ndi kadontho ka wofiira ndi wakuda. Anyamata a m'chipinda chathu anali kundizungulira kuonerera.

Mmodzi yekha sanayandikire, ndiye mnzanga wa bedi loyandikana ndi langa. Iyeyu ndi Mkatolika, ndipo ku parishi ya kwawo kunali bambo mfumu wa ku Ireland. Usiku wina magetsi atazima anandiuza kuti wansembe uja, munthu wa nthabwala, anali kusintha nkhope akamva dzina la Cromwell, ndi kuti ku Ireland dzinali anthu amatembererana nalo. Anandifunsa ngati ndawerenga za Drogheda. Ndinali ndisanawerenge, pakuti buku lakale limene ndinali kutsata linangodumphapo ndi mizere iwiri. Aphunzitsi anandibwereka lina.

Koma ndiyambe ndi za mfumu. Charles atagonja sanaleke kuchita upo, ndipo mu 1648 nkhondo inabukanso. Pamenepo Cromwell ndi akuluakulu a nkhondo anatsimikiza kuti dziko silidzaona mtendere mfumuyo iri ndi moyo. Asilikali anatsekereza kunja aphungu amene anafuna kugwirizana nayo, otsalawo nakhazikitsa bwalo loiweruza. Anthu 59 anasaina kalata ya imfa yake, ndipo dzina la Cromwell liri lachitatu. Pa 30 Januwale 1649 mfumu inadulidwa mutu ku Whitehall, mu London, khamu la anthu likupenya.

Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho Cromwell anaoloka nyanja kupita ku Ireland, kumene otsatira mfumu anali atagwirizana ndi Akatolika a konko. Anazinga mudzi wa malinga wa Drogheda, ndipo woyang'anira mudziwo, Sir Arthur Aston, anakana kugonja. Pa 11 Sepitembala asilikali a Cromwell analowa pa malo amene mizinga inagumula, ndipo iye mwini analamula kuti ali yense wopezeka ndi zida asasiyidwe wamoyo. Anthu pafupifupi 3,000 anaphedwa. Ena anali atatula kale zida. Ansembe anaphedwa pomwe anapezeka, ndipo anthu wamba anafera momwemo. Amene anathawira m'nsanja ya tchalitchi cha St Peter anawatenthera momwemo mwa lamulo lake. Aston akuti anammenya ndi mwendo wake womwe wa mtengo kufikira anafa. Opulumuka ena anatumizidwa ku Barbados kukagwira ntchito ya kalavula gaga. Patapita mwezi umodzi, ku Wexford, asilikali ake analowa m'mudzi zokambirana ziri m'kati, napha anthu pafupifupi 2,000.

Polembera Nyumba ya Malamulo, Cromwell anati zimenezi zinali chiweruzo cholungama cha Mulungu chifukwa cha Aprotestanti amene anaphedwa ku Ireland mu 1641, ndi kuti zidzaopsa midzi ina kuti mwazi usakhetsedwenso. Omuikira kumbuyo amanenanso kuti malamulo a nkhondo a nthawi imeneyo analola kupha asilikali okana kugonja. Ine mawu amenewa sanandikhutitse. Mudzi wa Drogheda sunali m'manja mwa oukira a 1641, ndipo ena mwa ophedwawo anali Angelezi anzake. Ndipo nkhani sinathere pa malupanga: lamulo la 1652 linalanda minda ya Akatolika ambiri ndi kuipereka kwa asilikali ndi kwa amene anakongoza ndalama za nkhondo, eni ake nasamutsidwira ku Connacht, kumadzulo kwa mtsinje wa Shannon. Munthu wa kumudzi ngati ine adziwa kuti kulandidwa munda nkutani. Kwa sabata yathunthu sindinakhudze bulashi, lupanga la chifanizo liri chigonere m'kabokosi.

Zotsala za moyo wake ndizisimba mofulumira. Anagonjetsa a ku Scotland pa Dunbar pa 3 Sepitembala 1650, ndi mwana wa mfumu pa Worcester pa 3 Sepitembala 1651. Pa 20 Epulo 1653 munthu yemweyo amene anamenyana ndi mfumu chifukwa chonyoza Nyumba ya Malamulo analowa m'Nyumbamo ndi asilikali a mfuti, natulutsa aphungu onse. Mu Disembala chaka chomwecho anakhala wolamula dziko ndi dzina lakuti Lord Protector. Mu 1657 anampempha kuti avale chisoti chachifumu, ndipo atasinkha nthawi yaitali anakana. Analola Ayuda kukhalanso ku Mangalande, kumene anapirikitsidwa mu 1290. Nthenda imene inali kumvuta ndi imene ife tonse tiidziwa, malungo. Anamwalira pa 3 Sepitembala 1658, tsiku lomwe lija la Dunbar ndi Worcester, patangopita mwezi umodzi chimwalirire mwana wake wokondedwa Elizabeth.

Mwana wake Richard analowa m'malo mwake koma sanathe chaka, ndipo mu 1660 Charles II anabwerera kudzakhala pa mpando wa atate wake. Pa 30 Januwale 1661 mtembo wa Cromwell, umene anaufukula ku Westminster Abbey, unapachikidwa ku Tyburn ndi kudulidwa mutu. Mutuwo anaubaya pa mtengo wosongoka pamwamba pa Westminster Hall, ndipo unakhala pamenepo zaka zoposa 20. Pambuyo pake unayenda m'manja mwa anthu osiyanasiyana, ena akuuonetsa kuti apeze ndalama, kufikira mu 1960 pamene unakwiriridwa pa koleji yake ija ya Sidney Sussex. Chinkana ziri choncho, mu 1899 anamuimikira chifanizo chachikulu kunja kwa Nyumba ya Malamulo ku London. Aphungu a ku Ireland anakana kuti ndalama za boma zigwire ntchito imeneyo, tsono analipira ndi Lord Rosebery za m'thumba mwake.

Tsiku la makolo litayandikira, ife tinali ndi mkangano wathu waung'ono wonga womwewo. Mnzanga uja anati chifanizocho chisaonetsedwe konse, pakuti makolo adzayesa kuti tikulemekeza wakupha anthu. Ine ndinadandaula ndi ndalama zanga za sopo ndi madzulo anga onse aja. Tinapita kwa aphunzitsi, koma iwo anakana kutiweruza. Anangotikumbutsa kuti kakhadi kali ndi malo a mizere isanu yokha, ndi kuti tigwirizane tokha zolembapo. Tinakangana masiku awiri. Ine ndinafuna Naseby, iye anafuna Drogheda pamodzi ndi chiwerengero cha ophedwa. Potsiriza tinalemba zonse ziwiri, ndipo mzere wa Drogheda analemba iye ndi dzanja lake, chifukwa chake mukayang'ana bwino muona kuti zilembo za mzere wachinayi ziri zosiyana ndi zinzake.

Njerewere ndinazibwezera usiku wotsiriza. Ndinatapa kadontho ka guluu ndi nsonga ya singano, ndi kukaika pansi pa mlomo, kena pamwamba pa nsidze, ndipo zitauma ndinazipaka utoto woderako pang'ono. Ya pa nsidze inakula kuposa muyeso, koma ndinaopa kuyandikizanso sandipepa pa nkhope imeneyo. Mnzanga uja wandipempha kuti mutu ukadzamatuka ndi kutentha kwa Okutobala ndidzampatse iye, akaukhomere pa msomali pamwamba pa chitseko cha chipinda chathu. Ndakana, ndipo pakhosi ndawonjezerapo guluu.