Osamu Tezuka, Dokotala Amene Adasankha Pensulo

Aliyense woyamba kuphunzira kujambula anthu a m'makatuni a ku Japan, aja timawatcha anime, amayambira pamodzimodzi. Amalemba chozungulira ngati ndalama yachitsulo, n'kudutsitsa mzere wotsika pakati ndi wina wopingasa pomwe pakhale maso. Kenaka amaika chibwano chosongoka pang'ono, maso aakulu, ndi mphuno yongokhala kadontho. Thupi amaliyeza ndi mutu womwewo: munthu wamkulu weniweni amatalika mitu 7 kapena kuposerapo pang'ono, pomwe mwana wa m'katuni amathera pa mitu itatu kapena inayi. Nkhope zoterezi timaziona pa foni, pa zikwama za ana asukulu ndi pa malaya a pakaunjika. Amene adafalitsa kajambulidwe kameneka kuposa wina aliyense ndi Osamu Tezuka, munthu amene adaphunzira udokotala koma moyo wake wonse adauthera pa pepala.

Ubwana wake

Tezuka adabadwa pa 3 Novembala 1928 ku Toyonaka, pafupi ndi mzinda wa Osaka, ndipo adali woyamba mwa ana atatu. Ali ndi zaka pafupifupi zisanu, banja lawo lidasamukira ku Takarazuka. Bambo ake ankagwira ntchito ku kampani ya zitsulo ya Sumitomo, ndipo adali ndi kamakina koonetsera kanema kunyumba, komwe ana ankaonerapo Charlie Chaplin ndi makatuni a Walt Disney. Mayi ake ankapita naye ku nyumba ya zisudzo yotchuka ya m'tauniyo, komwe ochita zisudzo onse ndi akazi, ngakhale pa mbali za amuna.

Kusukulu adali kamnyamata kochepa thupi, kovala magalasi, katsitsi kopotanapotana, ndipo anzake ankamuseka. Chimene ankakonda ndi tizilombo. Ankatitola m'nkhalango, n'kumatijambula m'kope mosamala, mwendo ndi mwendo. Atapeza kuti pali kachikumbu kotchedwa osamushi, kofanana dzina ndi iye, adawonjezera chilembo chotanthauza kachilombo pa dzina lake lolembera, ndipo adakhala nalo mpaka imfa.

Sukulu yake ya pulaimale idali yolumikizana ndi koleji yophunzitsa aphunzitsi ya ku Ikeda. M'kalasi lachitatu adamaliza nthano yake yoyamba ya zithunzi, imene ku Japan amati manga. Pofika m'kalasi lachisanu adajambula ina yaitali, imene idayenda m'manja mwa anzake mpaka kukafika m'chipinda cha aphunzitsi. Aphunzitsiwo adaiwerenga, ndipo kuyambira pamenepo adangomuleka kuti azijambula. Anzake omwe ankamuseka aja adayamba kumupatsa ulemu.

Nkhondo ndi manja ake

M'chaka cha 1941 adayamba sekondale, ndipo chaka chomwecho Japan idayamba kumenyana ndi America. Sukulu zidadzaza ndi maperete a usilikali, ndipo kujambula manga kunkaonedwa ngati kutaya nthawi pamene dziko lili pa nkhondo. Mu 1944 Tezuka adatumizidwa kukagwira ntchito ku fakitale yothandiza pa nkhondo m'malo mopita m'kalasi. Kumeneko ankajambulabe mobisa, n'kumamata mapepala ake m'chimbudzi kuti anzake aziwerenga.

M'zaka zomwezo manja ake onse awiri adagwidwa ndi matenda a pakhungu amene adafika poipa, mwakuti padatsala pang'ono kuti adulidwe. Dokotala adawapulumutsa, ndipo mnyamatayo adatsimikiza zodzakhala dokotala. Mu 1945 ndege za America zidaphulitsa Osaka. Tsiku lina mabomba adagwa iye ali pa nsanja ya ulonda ku fakitale kuja. Adapulumuka, koma adaona mitembo ya anthu opsa ndi moto ili mbwee. Nkhondo itatha mu Ogasiti chaka chomwecho, adaona magetsi a mumzinda atayakanso usiku, ndipo m'pamene adazindikira kuti wapulumukadi. Zimene adaonazi sizidamuchoke. M'mabuku ake ambiri mumabwerezedwa kuipa kwa nkhondo ndi kufunika kwa moyo, wa munthu ngakhalenso wa kachilombo.

Ntchito ziwiri, munthu mmodzi

Mu 1945 momwemo adalowa sukulu ya udokotala ya pa yunivesite ya Osaka. Mu Januwale 1946, ali ndi zaka 17, nyuzipepala ya ana idayamba kusindikiza kanthano kake ka zithunzi zinayizinayi. Chaka chotsatira adatulutsa buku lotchedwa Shin Takarajima, limene adathandizana ndi Shichima Sakai. Lidali buku lotsika mtengo, la mapepala okhakhala, koma ana adalilimbirana. Masamba ake oyamba amaonetsa galimoto ikuthamangira kudoko, ikuoneka patali, kenaka pafupi, ngati mmene kamera ya kanema imachitira. Owerenga ankamva ngati zithunzizo zikuyenda.

Ntchito ziwirizi zidayamba kukokana. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Atafunsa nzeru kwa mayi ake, iwo adamulangiza kuti atsate chimene mtima wake ukukonda kwambiri, ngakhale kuti nthawi imeneyo wojambula manga sankawerengedwa ngati munthu wa ntchito yolemekezeka. Maphunziro adawamaliza ndithu, chiphaso cha udokotala adalandira, ndipo mu 1961 adapatsidwa digiri yapamwamba ya udokotala ku Nara. Koma ntchito imene adasankha idali ya pensulo ndi inki.

Mu 1950 adayamba nthano ya mkango woyera wa ku Africa, imene pa Chingerezi imadziwika kuti Kimba the White Lion. Mu 1952 adayamba Tetsuwan Atom, yodziwika kunja kuti Astro Boy, nthano ya loboti yooneka ngati kamnyamata, imene katswiri wina adapanga mwana wake atafa pa ngozi ya galimoto, kenaka n'kuitaya chifukwa sinkakula. Mu 1953 adayamba Princess Knight, ya atsikana. Achinyamata ambiri adapita ku Tokyo potsanzira iye, ena mwa iwo ndi awiri aja ankalemba ndi dzina limodzi loti Fujiko Fujio, limene lidatchuka ndi Doraemon.

Zimene ankaphunzitsa oyamba kumene

Maso aakulu sadayambe ndi Tezuka. Adawaona m'makatuni a ku America monga Bambi ndi Betty Boop, ndipo ojambula ena a ku Japan ankawaika kale m'magazini a atsikana. Chimene iye adachita ndi kuwapatsa ntchito. Diso lalikulu lili ndi malo oonetsera mantha, manyazi, mkwiyo ndi misozi, motero nkhope yosavuta kujambula idatha kunyamula nkhani zolemera za imfa, umasiye ndi tsankho, zimene kale anthu sankayembekezera m'mabuku a ana.

Adalembanso mabuku ophunzitsa: Manga Daigaku mu 1950 ndi Manga no Kakikata mu 1977. Ankaphunzitsa kuti manga imayambira pa zolembalemba za mwana, ndipo aliyense angathe kuiyamba. Mfundo zake zazikulu zidali zitatu: kusiya zosafunika, kukulitsa chimene ukufuna kuti chioneke, ndi kusintha maonekedwe a chinthu mwadala. Tikaziyesa pa mutu wa munthu, zimamveka msanga. Makwinya ndi tsitsi limodzilimodzi timazisiya. Maso timawakulitsa. Tikafuna mwana, mzere wa maso timautsitsa m'munsi mwa pakati pa nkhope, mphumi n'kukula, thupi n'kufupika. Tikafuna wamkulu, mzerewo timaukweza, chibwano n'kutalika, mitu ya thupi n'kuchuluka. Komabe amene amasintha bwino thupi ndi amene amalidziwa. Tezuka adali ataphunzira mafupa ndi minofu m'kalasi la udokotala, ndipo adali atazolowera kuyang'anitsitsa kuyambira pa tizilombo tija.

M'buku la 1977 adaikamo malire. Wojambula angathe kuseka zambiri, koma asaseke anthu ovutika ndi nkhondo kapena ngozi zogwa mwadzidzidzi, asanyoze ntchito ya munthu, ndipo asanyoze mtundu wa anthu.

Pamene adaphonya

Lamulo lomalizali iye mwini sadalisunge mokwanira, ndipo ife a ku Africa kuno tiyenera kudziwa. M'mabuku ake ena akale, kuphatikizapo la mkango woyera lija, anthu akuda adawajambula ndi milomo yokulitsa mopyola muyeso, monga ankachitira makatuni akale a azungu. Cha m'ma 1990, iye atamwalira kale, anthu adadandaula, ndipo osindikiza adayamba kuika mawu ofotokozera m'mabukuwo. Munthu amene ankadana ndi tsankho adagwa m'mbuna chifukwa pamenepa adakopera chithunzi cha wina m'malo moyang'ana munthu weniweni. Kukulitsa ndi chida chakuthwa. Chingathe kuonetsa mtima wa munthu, chingathenso kumuchotsa ulemu.

Kanema, ngongole ndi kudzukanso

Mu 1961 adakhazikitsa kampani yopanga makatuni oyenda, imene idadzatchedwa Mushi Production. Pa 1 Januwale 1963 Astro Boy idayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ya Fuji, mlungu ndi mlungu, mpaka zigawo 193. Ambiri ankati zimenezi n'zosatheka, popeza kanema amadya zithunzi 24 pa sekondi imodzi. Tezuka adachepetsa kufika pa 8 kapena kucheperapo, nthawi zina n'kumayendetsa pakamwa pokha nkhope ili chiimire, ndiponso kusunga zithunzi kuti zidzagwirenso ntchito. Njira zobadwa ndi kuchepa kwa ndalamazi ndi zimene zidapatsa anime maonekedwe ake. Koma adagulitsa ntchitoyo motsika mtengo, ndipo mpaka lero ena amamuloza chala kuti ndiye adayambitsa malipiro ochepa a ojambula anime.

Mu 1973 Mushi Production idagwa ndi ngongole, ndipo ambiri ankati nthawi ya Tezuka yatha. Chaka chomwecho adayamba Black Jack, nthano ya dokotala wa opaleshoni wopanda chiphaso, m'mene adathiramo zonse zimene adaphunzira ku sukulu ya udokotala. Idamubwezeretsa pamwamba.

Chikhulupiriro ndi imfa yake

Tezuka sadali Mkhristu. Adajambula mbiri ya Buddha kuyambira 1972 mpaka 1983, ndipo nthano yake yaikulu ya Phoenix, imene sadaimalize, imayenda pa ganizo lakuti munthu amabadwanso kambirimbiri m'matupi ena. Ife timaphunzira m'Malemba kuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka pa kubweranso kwa Yesu, choncho mabuku akewo timawawerenga maso ali tcheru. Chimodzimodzinso anime ya masiku ano: ina ndi yabwino kwa ana, ina yadzaza ndi chiwawa, zamizimu ndi zolaula, ndipo kholo liyenera kusankha. Komabe m'zaka zake zomaliza wailesi yakanema ya RAI ya ku Italy idamupempha makatuni a nkhani za m'Baibulo, ndipo adayamba ndi nkhani ya Nowa. Zigawo 26 za ntchitoyi zidamalizidwa ndi ena iye atapita.

Ankagona maola ochepa kwambiri, nthano zingapo akuziyendetsa nthawi imodzi. Atakula adadandaula kuti dzanja lake silikuthanso kulemba chozungulira bwinobwino monga kale. Adadwala khansa ya m'mimba, koma ankajambulabe ali m'chipatala. Adamwalira ku Tokyo pa 9 Febuluwale 1989 ali ndi zaka 60, n'kusiya mkazi wake Etsuko, ana atatu, ndi masamba ojambulidwa pafupifupi 150,000. Khama lakelo n'losiririka, koma ife osunga Sabata tikudziwa kuti ngakhale ntchito yokoma imafuna kupumira.

Kwa ife amene tidzaima kutsogolo kwa kalasi

Kwathu ku Lisasadzi luso silisowa. Ana amaumba ng'ombe zadongo, amapinda magalimoto amawaya, amajambula ndi khala pa zipupa. Chimene chimasowa ndi nthawi, makamaka m'nyengo yothyola ndi kusoka fodya pamene ana ambiri amatangwanika m'zigafa, ndiponso munthu wamkulu woti ayang'ane chimene mwana wapanga. Phunziro la Expressive Arts lilipo m'sukulu zathu za pulaimale, ndipo dziko lino lidakhalapo ndi akatswiri ake, monga Brian Hara wa Pewani ndi Vic Kasinja wa Joza. Pa Eksodo 31 timawerenga kuti luso la manja la Bezaleli lidachokera kwa Mulungu. Komabe mwana wopezeka akujambula kumapeto kwa kope la masamu kawirikawiri amalandira chilango basi.

M'mera mpoyamba. Aphunzitsi a ku Ikeda aja sadagule utoto kapena makina, adangowerenga zimene mwana adajambula. Nafenso phunziro loyamba tingalipereke ndi choko pa bolodi, kapena ndi kamtengo pa mchenga: chozungulira, mizere iwiri yopingasana, maso, kenaka thupi la mitu inayi. Mwana akazolowera zimenezi, timuuze atembenuke ayang'ane mnzake wokhala naye pa desiki, aone mmene tsitsi lake lakhalira, mphuno yake, ndi mmene amasekera, kenaka amujambule mwa njira yoti mnzakeyo akaona chithunzicho adzizindikire, n'kupempha kuti apite nacho kwawo.