Lev Vygotsky: Mphunzitsi Amene Ankayamba ndi Zimene Mwana Angathe

Lev Vygotsky anabadwa mu 1896 m'tauni ya Orsha, m'dziko lomwe lero ndi Belarus, ndipo anakulira ku Gomel. Anaphunzira zamalamulo ku Moscow, koma mtima wake unali pa mabuku ndi chiyankhulo. Atamaliza maphunziro mu 1917 anabwerera ku Gomel n'kuyamba ntchito ya uphunzitsi.

Mu 1924 anaitanidwa ku Moscow kukachita kafukufuku wa kaganizidwe ka munthu. Kumeneko ankagwiranso ntchito ndi ana osaona, osamva ndi ena ovutika kugwira zinthu m'mutu. Nthawi imeneyo akatswiri ankapatsa mwana mayeso, n'kulemba zonse zimene walephera, basi nkhani yatha. Vygotsky sanagwirizane nazo. Iye ankaona kuti mndandanda wa zolephera sumuuza mphunzitsi poyambira.

Ankasiyanitsa mavuto awiri. Loyamba ndi la m'thupi, monga maso osaona kapena makutu osamva. Lachiwiri limabwera chifukwa cha anthu: mwana amasiyidwa pakhomo, satumidwa, sacheza ndi anzake, ndiye chiyankhulo chake sichikula. Kwa iye vuto lachiwirili ndilo lopweteka kwambiri, komanso ndilo limene mphunzitsi angathe kulichepetsa. Mwana wosaona amawerenga ndi zala pogwiritsa ntchito Braille. Njira ndi ina, koma kuwerenga n'komweko.

Anaphunzitsanso kuti poyesa mwana tisamangoona zimene akuchita payekha. Anapereka chitsanzo cha ana awiri amene pa mayeso onse akuoneka kuti ali pa msinkhu wa zaka 8. Akathandizidwa pang'ono, wina amakwanitsa ntchito ya ana a zaka 9, mnzake ya ana a zaka 12. Mayeso awayika pamodzi, koma zosowa zawo n'zosiyana. Mpata wa pakati pa zimene mwana amachita yekha ndi zimene amachita mothandizidwa ndi pomwe mphunzitsi ayenera kugwirapo ntchito.

Vygotsky anadwala chifuwa chachikulu kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira mu June 1934 ali ndi zaka 37. Buku lake lofotokoza za maganizo ndi chiyankhulo linatuluka chaka chomwecho. Kuyambira mu 1936 boma la Soviet Union linatsekereza zolemba zake kwa zaka pafupifupi 20. Bukulo litamasuliridwa m'Chingerezi mu 1962, aphunzitsi a m'mayiko ena anayamba kumudziwa.

Inu amene mukuphunzitsa chiyankhulo ku Gaborone, Lilongwe, Chipata kapena Tete, mbiri iyi ikukukhudzani mukamalemba dongosolo la maphunziro a mwana wofunika thandizo lapadera. Zimene mwalemba zimamutsata mwanayo ku kalasi ina, ndipo mphunzitsi watsopano amamudziwira pamenepo. Mukangolemba kuti sadziwa kuwerenga, mnzanuyo amamukhazika kumbuyo. Koma mukalemba kuti amafotokoza bwino nthano m'chiyankhulo cha kwawo, amazindikira malembo asanu a liwu, ndipo amawerenga mawu a maphatikizo awiri mukamuyambira phatikizo loyamba, mwamupatsa mnzanuyo poyambira. Pambuyo pake lembani chosowa momveka: kuphatikiza maphatikizo payekha, ndi thandizo limene likufunika kuti afike pamenepo.

Sabata ino sankhani wophunzira mmodzi. Lembani zimene amachita yekha, zimene amachita mukamuthandiza, ndi mtundu wa thandizo limene linagwira ntchito.