MOYO WA RUBE GOLDBERG, MMISIRI WA MAKINA OYENDA NJIRA YAITALI

M'maiko ambiri ana a sukulu amapikisana pomanga makina amene cinthu cimodzi cikagwa cigwetsa cinzace, cinzaceco cikankha cina, kufikira pa mapeto pace kanchito kakang'ono kacitika, monga kusongola pensulo kapena kuthirira duwa. Makina otere amadziwika ndi dzina la Rube Goldberg, munthu amene anaphunzira uinjiniya, koma anatha moyo wace akujambula zithunzi zoseketsa m'manyuzipepala a ku Amereka. Nayi mbiri yace.

Reuben Goldberg anabadwa pa 4 July, 1883, mu mzinda wa San Francisco. Makolo ace, Max ndi Hannah, anali Ayuda. Mwanayo anakonda kujambula ciyambire ubwana wace, koma atate ace anaona kuti kujambula sikudyetsa banja, ndipo anamtumiza ku sukulu yaikuru ya California, ku Berkeley, kuti akaphunzire uinjiniya. Kumeneko anakomana ndi mphunzitsi wa sayansi dzina lace Frederick Slate, amene anali ndi cipangizo ca mipope, zingwe ndi timabotolo tosawerengeka, coti ophunzira apimire kulemera kwa dziko lapansi. Cipangizo cimeneci sicinacoke m'mutu mwa mnyamatayo masiku ace onse.

Anatsiriza maphunziro m'caka ca 1904, nalembedwa nchito ndi mzinda wa kwao m'cigawo coyang'anira madzi ndi ngalande za zonyansa. Anakhalako miyezi 6 yokha. Anasiya, nalowa ku nyuzipepala ya San Francisco Chronicle kukajambula za masewero, ngakhale malipiro ace anali ocepa. M'caka ca 1907 anasamukira ku New York, kumene zithunzi zace mu Evening Mail zinamchukitsa. M'caka ca 1916 anakwatira Irma Seeman, ndipo anabala ana amuna awiri.

Mwa zonse anajambula, zimene anthu sanaziiwale ndizo makina ace. Kuyambira 1929 kufikira 1931 magazini ya Collier's inasindikiza makina a mphunzitsi wongopeka, Professor Butts, amene Goldberg anamuumba pokumbukira Slate uja. Amodzi a iwo anali opukutira munthu pakamwa pakudya. Munthuyo akanyamula supuni ya msuzi, cingwe cikoka cipande. Cipande ciponya bisiketi. Cinkhwe cilumphira bisiketiyo. Kamtengo kamene cinaterapo kapendekeka, nikakhuthulira njere m'ndowa. Ndowa polemera ikoka cingwe cina cimene ciyatsa moto. Moto uulutsa roketi. Roketi igwetsa zenga limene lidula cingwe cacitatu. Pamenepo kacitsulo kolendewera kayamba kupita uku ndi uku, ndipo kansaru komangidwapo kampukuta munthu uja pa cibwano. Gawo liri lonse analilemba ndi cilembo cace, A, B, C, monga acitira mainjiniya.

Nzeru yeniyeni ya makinawa si yacilendo kwa mnyamata wa ku Chiradzulu amene anacherapo diwa m'munda. Mbewa ikhudza nyambo, cingwe cimasuka, kamtengo kacoka, mwala ugwa. Kusiyana kwace nkwakuti wochera diwa afuna njira yaifupi, pamene Goldberg anasankha dala njira yaitali. M'masiku ace makina anali kucuruka m'nyumba ndi m'mafakitale, ndipo iye anaseka anthu amene adzibvuta kwambiri pofuna kuthawa kanchito kocepa. Anthu anamva nthabwalayo, kotero kuti buku lotanthauzira mau la Merriam-Webster linalemba dzina lace ngati mau onena za kucita cinthu capafupi mwa njira yozungulira.

Moyo wace sunali wa kuseka kokha ai. M'nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anajambula za ndale, ndipo analandira makalata a cidani ndi oopseza. Poopera ana ace, anawauza kuti asinthe dzina la banja, ndipo iwo anatenga dzina lakuti George. Nkhondo itatha, m'caka ca 1946, iye ndi anzace anayambitsa bungwe la ojambula la National Cartoonists Society, ndipo mtsogoleri wace woyamba anali iye. M'caka ca 1947 anajambula mu New York Sun banja liri phee pa nyumba yao, koma nyumbayo itakhala pamwamba pa bomba la atomiki limene likupendama pa mphepete pa phompho. Bomba limenelo limaphulika mwa njira yomwe ija: kanthu kamodzi kakang'onong'ono kakasweka kaswa tinzace, tinzaceto tiswa tina, kufikira mzinda wonse utha. Munthu amene anaseketsa anthu ndi zinthu zokankhana anaonetsa tsono kuopsa kwace pamene palibe woziletsa. Cithunzico cinampatsa mphotho ya Pulitzer m'caka ca 1948.

Atafika zaka 80 anayamba kuumba ndi kusema zifanizo. Anamwalira ku New York pa 7 December, 1970, ali ndi zaka 87.

Mipikisano ya m'dzina lace inayamba iye akali moyo. M'caka ca 1949 magulu awiri a ophunzira uinjiniya pa sukulu yaikuru ya Purdue, ku Indiana, anayamba kupikisana pomanga makina otere. Mwambowo unazilala patapita zaka zowerengeka, nuukanso m'caka ca 1983, ndipo m'caka ca 1988 unasanduka mpikisano wa dziko lonse la Amereka. M'caka ca 2012 ophunzira a ku Purdue anamanga makina a magawo 300, ongofuna kufufumitsa baluni ndi kuiphulitsa.

Apa panabadwa bvuto limene Goldberg sanakomane nalo. Iye anajambula pa pepala, pamene cinkhwe cilumpha nthawi zonse ndipo cingwe sicikodwa. Pa tebulo la mpikisano zinthu zimakanika, ndipo pafunika malamulo. Kwa zaka zambiri malamulo a mpikisanowo anafuna magawo osacepera 20. Analetsa nyama zamoyo ndi zophulika. Womanga akakhudza makina ali pakati poyenda, amataya malikisi. Gawo limawerengedwa pamene mphamvu yacoka m'cocitika cimodzi kulowa m'cina. Koma timatabwa toimikidwa mondondozana, tingakhale 50, tikagwetsana, limenelo ndi gawo limodzi lokha, popeza cocitikaco ncimodzimodzi.

Pa malamulo otere mikangano sisowa. Wina afunsa ngati mipira iwiri yosiyana kukula ikhala magawo awiri. Wina afunafuna kampata m'mau a lamulo kuti acurukitse ciwerengero. Poweruza zotere ndi bwino kufunsa cimene lamulolo linaikidwira. Loletsa nyama ndi zophulika licinjiriza moyo, ngakhale lingagwetse makina a cinkhwe ndi roketi a mwini dzina yemwe. La magawo lifuna kuti wophunzira aonetse kuti adziwa njira zosiyanasiyana zimene mphamvu iyendera: kugwa, kukoka, kugubuduka, kulemera kwa madzi. La kukhudza liyesa ngati makinawo ayenda okha moonadi. Wopambana mwa kupotoza mau atenga mphotho, koma nzeru imene Goldberg anaika m'gawo liri lonse amaisiya pa tebulo.

Aphunzitsi a ku Nguludi, ku Namadzi kapena ku Namitambo amene afuna kuyesa ana ao pa zimenezi sasowa zipangizo: zitini, masipoko a njinga, nsungwi ndi zitsekero za mabotolo zikwanira. Ndipo pali lamulo limodzi limene liyenera kufotokozedwa bwino kwa anawo: dzanja la munthu liloledwa kukhudza kamodzi kokha, poyambitsa. Makina angatalike cotani, sangadziyambitse okha. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene anamwalira m'caka ca 1274, anaphunzitsa kuti dziko lonse liri cimodzimodzi: cinthu ciri conse coyenda cimayendetsedwa ndi cina, ndipo paciyambi pa mndandanda wonsewo pali Woyambitsa amene sayendetsedwa ndi wina ali yense, ndiye Mulungu.