MAYI JULIA MARGARET CAMERON NDI ZITHUNZI ZAWO ZA CHIMBUUZI

Pakati pa anthu odziwa ntchito yojambula zithunzi pali mkangano umene udayamba kalekale ndipo sunathe kufikira lero. Ena amati chithunzi chabwino ndi chimene chili choyera, chopanda banga, chooneka bwino mbali zonse kotero kuti munthu angathe kuwerenga tsitsi la pamutu limodzilimodzi. Ena amati zonsezo n'zachabe ngati chithunzicho sichigwira mtima wa munthu wochiyang'ana. Mmodzi mwa anthu amene adanyozedwa kwambiri, nadzatamandidwanso kwambiri chifukwa cha mkangano umenewu, ndi Mayi Julia Margaret Cameron, amene adayamba ntchitoyi ali ndi zaka 48.

Mayiwa adabadwa pa 11 June, 1815, mu mzinda wa Calcutta, umene lero ukutchedwa Kolkata, m'dziko la India. Bambo awo, a James Pattle, anali pa ntchito m'kampani ya East India Company imene inkalamulira mbali yaikulu ya dzikolo masiku amenewo, ndipo mayi awo anali ochokera ku banja la Chifalansa. Chifukwa cha ichi, mbali yaikulu ya maphunziro awo adachitira ku France. M'chaka cha 1836 adapita ku Cape of Good Hope, kummwera kwa Africa, kuti akapume atadwala. Kumeneko adakumana ndi amuna awiri amene adasintha moyo wawo. Woyamba anali Charles Hay Cameron, katswiri wa malamulo, wamkulu kwa iwo ndi zaka 20, amene adakwatirana naye ku Calcutta m'chaka cha 1838. Wachiwiri anali Sir John Herschel, katswiri wa nyenyezi, amene adakhala bwenzi lawo kwa moyo wake wonse. Herschel ndiye adatulukira kuti mankhwala otchedwa hypo amasungunula mchere wa siliva, ndipo nzeru imeneyi ndi imene idathandiza kuti chithunzi chisamade chikaonana ndi dzuwa. Luso lojambula ndi kamera litalengezedwa m'chaka cha 1839, iyeyu ndiye ankawafotokozera Mayi Cameron za lusoli m'makalata.

Banjali lidasamukira ku England m'chaka cha 1848, ndipo mu 1860 lidakhazikika m'mudzi wa Freshwater pa chilumba cha Isle of Wight, moyandikana ndi mlakatuli wotchuka Alfred Tennyson. Nyumba yawo adaitcha Dimbola, potengera dzina la dera la ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka, kumene banjali linali ndi minda ya khofi. Mayi Cameron adabereka ana asanu ndi mmodzi, nalera ndi ena a eni. M'mwezi wa December, 1863, amuna awo ali ku Ceylon, mwana wawo wamkazi Julia pamodzi ndi mkamwini wawo Charles Norman adawapatsa kamera kuti iziwachotsa phukwa. Chimene anawo adachiyesa choseweretsa, mayiwo adachisandutsa ntchito. Khola la nkhuku lokhala ndi magalasi adalisandutsa malo ojambuliramo, ndipo kanyumba kosungiramo malasha kadakhala chipinda cha mdima chotsukiramo zithunzi.

Kuti mkangano wa zithunzi zawo umveke bwino, pafunika kudziwa kuvuta kwa ntchitoyi masiku amenewo. Kunalibe filimu. Wojambula ankatenga galasi lathyathyathya, nalipukuta mpaka kuti mbee, kenaka ankathirapo mankhwala onanda otchedwa collodion, napendeketsa galasilo uku ndi uku kuti mankhwalawo ayende mofanana. Akatero ankaliviika m'madzi a siliva, nalilowetsa m'kamera likadali lonyowa. Ankayenera kujambula ndi kutsuka galasilo lisanaume, ndiye kuti m'mphindi ngati khumi kapena khumi ndi zisanu. Njira imeneyi adaitulukira ndi Frederick Scott Archer m'chaka cha 1851. Kafumbi kamodzi, katsitsi kamodzi, kapena chala chokhudza pamalo osayenera zinkasiya chizindikiro chosafufutika. Madzi a siliva ankadetsa manja ndi zovala, ndipo ena mwa mankhwalawo anali poizoni woopsa. Pomaliza, chithunzi chinkasindikizidwa padzuwa, pa pepala lopakidwa madzi oyera a dzira. Mayi Cameron adaononga magalasi ambiri asanapeze chimene ankafuna. Chithunzi choyamba chimene chidawakhutiritsa adachijambula m'mwezi wa January, 1864, ndipo chinali cha kamtsikana kotchedwa Annie Philpot.

Ojambula a malonda a nthawi imeneyo anali ndi njira imodzi. Ankamuimika munthu patali, pafupi ndi katebulo kapena nsanamira, namugwiritsa khosi ndi chitsulo chobisika kuti asagwedezeke, ndipo kuwala kunkalowa mbali zonse. Zithunzi zake zinkatuluka zazing'ono ndi zoyera, koma nkhope zake zinkakhala zouma ngati za zidole. Mayi Cameron adakana njira imeneyi. Iwo ankasendeza kamera pafupi kufikira mutu wa munthu utadzaza galasi lonse. Ankamufunditsa munthuyo nsalu yakuda, natseka mbali zina za khola lija kuti kuwala kudzere mbali imodzi yokha, kotero kuti nkhope inkaoneka ngati ikutuluka mu mdima. Popeza kuwala kunali kochepa, wojambulidwayo ankayenera kukhala chete mphindi zingapo, popanda chitsulo chomugwira. Munthu wamoyo amapuma ndi kuphethira, choncho zithunzi zambiri zinkatuluka mwachimbuuzi. Pambuyo pake adagula kamera yaikulu, yolandira magalasi a mainchesi 15 m'litali ndi 12 m'lifupi. Diso la kamera yotere likakhala pafupi ndi munthu limaonetsa bwino kachigawo kochepa chabe, monga maso ndi mphuno, pamene makutu ndi mapewa zimazilala.

M'nkhani ya moyo wawo imene adayamba kulemba m'chaka cha 1874, yotchedwa Annals of My Glass House, mayiwa adafotokoza kuti poyamba chimbuuzicho chidabwera mwangozi. Koma pambuyo pake adazolowera kuleka kupotokola diso la kamera pamene aona kuti chimene chikuoneka n'chokongola m'maso mwawo, osapitiriza kufikira pamene anzawo onse ankati ndipo poyenera.

Apa ndi pamene padabuka phokoso. Manyuzipepala a ojambula zithunzi ku London adalemba kuti ntchito yawo inali yauve ndi yosasamala, ndi kuti mayiwa ankabisa kulephera kwawo potchula dzina la luso. Lewis Carroll, mlembi wa nkhani za ana amenenso anali wojambula waluso, ataona zithunzizo mu 1864 adati zina zinali zokongola koma zina zinali zonyansa. Komabe alakatuli ndi akatswiri ojambula ndi utoto adazikonda. Henry Cole, mkulu wa South Kensington Museum, imene lero ndi Victoria and Albert Museum, adagula zithunzi zawo 80 m'chaka cha 1865, ndipo mu 1868 nyumbayo idawabwereka zipinda ziwiri zojambuliramo.

Kunena zoona, mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Chimbuuzi chija chinali chadala ndipo chinali ndi cholinga, koma zidindo za zala, mizere ya mankhwala ndi ming'alu zinali zolakwika zenizeni. Ngakhale bwenzi lawo George Frederic Watts, wojambula ndi utoto amene ankawalangiza, adawachenjeza m'makalata kuti mabanga otere adzaingitsa ogula. Nkhani ya ogulayi sinali yamasewera, pakuti minda ya khofi ija sinkabweretsa ndalama zokwanira, ndipo kuyambira 1869 matenda a chiwawu adayamba kuononga khofi wa ku Ceylon. Mayi Cameron ankagulitsa zithunzi zawo kudzera m'sitolo ya Colnaghi ku London, ndipo adalembetsa kuboma zithunzi zoposa 500 kuti ena asazibe. Ngakhale adachita zonsezi, ntchitoyi sidawalemeretse.

Nanga chimene adapeza posinthana ndi ukhondo wa galasi chinali chiyani? Yankho lili pa nkhope zimene adasiya. M'chaka cha 1867 adajambula Herschel atakalamba, tsitsi lake loyera litayangalala ngati mtambo, maso ake otopa akuyang'ana molunjika. Chaka chomwecho adajambula mlembi Thomas Carlyle, theka la nkhope yake lili mu mdima, ndipo kugwedezeka kwakeko n'kumene kumaonetsa mtima wosakhazikika wa munthuyo. Mu 1868 adajambula Charles Darwin, komanso Alemayehu, mwana wa Mfumu Tewodros II ya ku Ethiopia, amene adamutengera ku England ali ndi zaka 7 bambo ake atafa pa nkhondo ya ku Magdala. Chisoni cha mwana wamasiyeyo chimaoneka poyera pa chithunzicho. Adajambulanso antchito a m'nyumba mwawo, makamaka Mary Hillier, amene ankamuveka ngati Maria amayi a Yesu, ndiponso mwana wa mng'ono wawo, Julia Jackson. Mu 1874 ndi 1875 adatulutsa mabuku awiri a zithunzi zolongosola ndakatulo za Tennyson zonena za Mfumu Arthur.

M'mwezi wa October, 1875, Mayi Cameron ndi amuna awo adanyamuka ulendo wa ku Ceylon kutsatira ana awo aamuna amene ankayang'anira minda. Pakati pa katundu wawo panali mabokosi awiri a maliro, chizindikiro chakuti sankayembekeza kubwerera. Kumeneko adajambula zithunzi zowerengeka chabe, zambiri mwa izo za antchito a m'minda ndi a panyumba. Adamwalira pa 26 January, 1879, ali ndi zaka 63, ndipo adaikidwa m'manda a pa tchalitchi cha St Mary's ku Bogawantalawa. Amuna awo adawatsatira chaka chotsatira.

Dzina lawo lidatsala pang'ono kuiwalika, koma m'chaka cha 1926 mlembi Virginia Woolf, mwana wa Julia Jackson uja, pamodzi ndi Roger Fry adasindikiza buku la zithunzi zawo, ndipo mu 1948 Helmut Gernsheim adalemba mbiri yawo. Lero zithunzi zawo zoposa 1,200 zikudziwika, ndipo nyumba ya Dimbola idasanduka malo osungirako mbiri yawo.

Ophunzira ndi aphunzitsi asaganize kuti phunziro la moyo umenewu ndi lakuti kusasamala ndi luso. Mayi Cameron adadziwa bwino kuweta kuwala ndi mthunzi, ndipo adapirira kuononga magalasi ambirimbiri kufuna nkhope imodzi, monga akulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabanga a pa magalasi awo sadawonjeze kanthu pa ulemu wawo. Anthu adangowakhululukira chifukwa cha zimene zinali kuseri kwa mabangawo. Masiku ano kamera ya pafoni imadzikonzera yokha kuwala ndi kuyera kwa chithunzi, moti aliyense angathe kujambula chithunzi chopanda banga. Chimene makina sangamsankhire munthu ndi malo oimapo, mbali yodzera kuwala, ndi nthawi imene nkhope ya mnzake ikunena zoona. Zimenezi mayi wa ku Freshwater adaziphunzira yekha m'khola la nkhuku.