Warrington Yorke, dokotala amene anafufuza kashembe ku Luangwa

Ife alimi a ku Petauke ndi ku Nyimba timamudziwa bwino kashembe. Amationdetsera ng'ombe mpaka kulephera kukoka pulawo, ndipo kwa munthu amabweretsa matenda a kaodzera. Mmodzi mwa anthu amene anatsimikiza zoti nchenche imeneyi imafalitsa kaodzera ndi a Warrington Yorke.

A Yorke anabadwa m'caka ca 1883 ku Lancaster, m'dziko la England, ndipo anaphunzira udokotala ku Liverpool. M'caka ca 1907 anatumidwa ku Nyasaland, kumene lero ndi ku Malawi, kukafufuza malungo aja okodzetsa mkodzo wakuda.

Nchito yao yaikulu anaigwira m'cigwa ca Luangwa mu 1911 ndi 1912, pamodzi ndi a Allan Kinghorn. Nthawi imeneyo madokotala ambiri anali kuganiza kuti kaodzera amafala ndi kashembe wa m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje ya m'nkhalango cabe. Mtundu umenewo ku Luangwa kulibe, koma anthu anali kufa. Ali pa msasa wa Nawalia, awiriwa anadyetsa kashembe magazi a nyama zodwala, kenaka n'kumuika pa nyama zabwinobwino. Nazonso zinadwala. Apa cinadziwika kuti wopalamula ndi kashembe wamba wa m'chire. Anapezanso tizilombo ta matendawa m'magazi a mbawala, nswala ndi njiri, ndiponso kuti timakula msanga m'mimba mwa kashembe kukatentha.

A Yorke anali kulimbikitsa zopha nyama za m'chire kuti matenda athe, maganizo amene anautsa mkangano waukulu. Atabwerera ku Liverpool anathandiza kuyesa mankhwala a pentamidine, ocizira kaodzera wa kumadzulo kwa Africa. Anamwalira m'caka ca 1943.

Nzeru zimene anatisiyira zifuna ife eni ake. Nsalu zabuluu ndi zakuda zimene a zoweta amachera m'chire n'zophera kashembe, tisazicotse. Ng'ombe zithiridwe mankhwala ndi kubayidwa nyeleti pa nthawi yake. Polowa m'chire tivale zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo, zosakhala zakuda kapena zabuluu. Wolumidwa akatupa cilonda, thupi n'kutentha osamva mankhwala a malungo, tithamange naye ku cipatala ca Minga, ca Nyimba kapena cina capafupi, ndipo tiuze adokotala kumene anayenda. Kaodzera wa kuno amapha m'miyezi yocepa, koma akapezeka msanga amacizika.