Ivan Martin Jirous, Mlakatuli wa M'ndende

Ivan Martin Jirous adabadwa pa 23 September 1944 ku Humpolec, m'chigawo cha Bohemia, ndipo atakula adaphunzira mbiri ya zojambulajambula pa yunivesite ya ku Prague. Anzake ankamutcha Magor, ndiye kuti wopenga, pakuti anali munthu waukali ndi wosaopa kulankhula.

Mu August 1968 asilikali a Soviet Union ndi a maiko anzake adalowa m'Czechoslovakia, nathetsa ufulu umene udayamba kuphuka kumeneko. Mwezi wotsatira mnyamata wina, Milan Hlavsa, adayambitsa gulu loimba nyimbo za rock lotchedwa The Plastic People of the Universe, ndipo Jirous, ngakhale sanali woimba, adasanduka mlangizi wake. Mu 1970 boma la chikomyunizimu lidawalanda chilolezo chogwirira nchito yoimba. Tsono ankaimba mobisa, m'midzi ndi pa maukwati. Jirous ankaphunzitsa anzake kuti asapemphe ulemu kapena malipiro kwa olamulira, koma aimbe zimene mtima wao ukuvomera.

Mu 1976, atangoimba pa ukwati wa Jirous yemweyo ku Bojanovice, ambiri adagwidwa, ndipo iye adamuweruza kuti akhale m'ndende miyezi 18. Mlanduwo udautsa Václav Havel ndi anzake, kotero kuti mu January 1977 adalengeza chikalata cha Charter 77, chopempha boma kuti lilemekeze ufulu wa anthu. Oimba aja sadaleke: mu 1978 adaimba za Masautso a Ambuye kunyumba ya Havel ku Hrádeček.

Jirous adamangidwa kasanu, zaka zonse pamodzi zisanu ndi zitatu ndi theka. Ndende yowawitsa inali ya Valdice, imene kale inali nyumba ya amonaki. M'menemo, iye pokhala Mkatolika, adapeka ndakatulo zodzaza ndi mapemphero, ndi kulira, ndi chifundo cha pa mkazi wake ndi ana ake akazi awiri. Adatuluka komaliza pa 25 November 1989, ulamuliro wachikomyunizimu ukugwa.

Sanali woyera wa pa guwa ai: mowa ndi mkwiyo zidamsautsa kufikira ukalamba. Koma ndende zisanu sizidathe kumnenetsa bodza limene olamulira ankafuna. Adamwalira ku Prague mu November 2011, ali ndi zaka 67.