Arthur Cayley, Loya Amene Anajambula Magulu a Masamu

Arthur Cayley anabadwa pa 16 August 1821 ku Richmond, m'dziko la England, koma anakulira ku St Petersburg kumene atate ace anali kucita malonda, kufikira banjalo linabwerera kwao mu 1829. Analowa Trinity College ku Cambridge ali ndi zaka 17, ndipo mu 1842 anapambana anzace onse pa mayeso a masamu. Atatha zaka zowerengeka pa kolejipo anaphunzira malamulo, nakhala loya kuyambira 1849 kwa zaka 14. Masana analemba zikalata za malo, koma m'nthawi yomweyo anasindikiza mapepala a masamu oposa 200.

Nchito yace yotikhudza ife aphunzitsi ndi ya magulu. Dulani pepala la ngondya zitatu zofanana, mulibwezere pa malo ace. Mungathe kutero m'njira 6 zokha: kulisiya cikhalire, kulizungulitsa m'njira ziwiri, kapena kulitembenuza m'njira zitatu. Mukacita njira ziwiri motsatana, cotulukaco ndi imodzi mwa 6 zomwezo. Njira zotere pamodzi ndizo gulu. Mu 1854 Cayley anaonetsa kuti gulu lingalembedwe m'tebulo longa la kuculukitsa, ndipo mu 1878 analijambula: dontho limodzi pa njira iri yonse, ndi mibvi ya mitundu yolumikiza madontho.

Yesani pa bolodi. Coko cofiira cikhale ca kuzungulitsa, coyera ca kutembenuza. Mudzapeza mibvi yofiira yapanga ngondya zitatu kawiri, zina mkati mwa zinzace, yamkati iri kuyenda motsutsana ndi yakunja, ndipo mizere itatu yoyera yazilumikiza. Pa dontho liri lonse pacoka mubvi umodzi wofiira, pafikanso umodzi. Palibe dontho loposa linzace, pakuti cithunzico cioneka cimodzimodzi ponse mungaime. Ine ndiyesa mwana wa Standard 6 angacimvetse msanga koposa tebulo.

Mu 1863 Cayley analeka uloya, nalandira mpando wa uprofesa ku Cambridge ngakhale malipiro ace anali ocepa kwambiri poyerekeza ndi akale. Caka comweco anakwatira Susan Moline. Anathandizanso maphunziro a akazi pa Girton ndi Newnham, pamene ambiri sanafune zimenezo. Anamwalira ku Cambridge pa 26 January 1895, ndipo zolemba zace zinasonkhanitsidwa m'mabuku akulu 13.